Malonje a mu Telefoni

Telefoni inabwera pakhomo panga m'thumba la malaya a mlongo wanga wamng'ono, uja amakonza njinga zamoto ku Furancungo. Inali yakale, yong'aluka pakona, ndipo anaipereka kwa mwana wanga wamwamuna mosaganizira kawiri, ngati akumupatsa chimanga chootcha. "Aziwerengerapo za ku shikola," anatero. Ine ndinavomera, chifukwa munthu akangotchula shikola pakamwa panga pamatsekeka. Mwanayo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndi yekhayo amene anatsala pakhomo, azichemwali ake awiri atapita kumabanja.

Kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame telefoni sigwira paliponse. Redi, imene ena amati netiweki, ili ndi malo ake amene imawakonda, ndipo pakhomo pathu inasankha chulu cha kuseri kwa khola, moyang'anana ndi munda wa mbatata ya kachewere. Ukakwera pamenepo umalankhula ndi munthu wa ku Tete ngati ali pakhonde, koma ukatsika mapazi atatu, zii. Bambo ake a mwanayu amakwera chulucho akafuna kumva mtengo wa mbatata mumzinda asanakweze matumba pa kamiyawu, lole ya katundu. Mwana uja naye anayamba kukwera, ndipo za ku shikola zija ine sindinazionepo.

Tsiku loyamba kumva mfuti pakhomo panga ndinkachokera kumjigo, ndowa ili pamutu. Kunali masana a mwezi wozizira, kunja kuli bata. Mwadzidzidzi kuseri kwa khola kunamveka tatatata, kenaka kuphulika. Sindinaganize chilichonse. Ndowa inagwa, ine ndinangopezeka ndagona chafufumimba m'mizere ya nyemba, dzanja likufufuza mwana woti ndimukanikizire pansi. Nditadzutsa mutu ndinaona mwana wanga ali pachulu, akugwedeza miyendo, akusekerera telefoni.

Ndinamukalipira tsiku limenelo mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Iye sanamvetse chimene walakwa.

"Amayi, ndi jogu chabe, masewera a mu telefoni. Palibe amene akufa zenizeni. Ukafa umayambiranso."

"Kwathu kuno amene anafa sanayambirenso," ndinatero.

Anayesa kundifotokozera, akundisonyeza pagalasi timunthu tothamanga pakati pa nyumba zogumuka. Anati anthu ambiri amalowa nthawi imodzi, ena ali ku Tete, ena ku Beira, ena maiko akutali. Amagawana m'timagulu, a gulu limodzi amalankhulana, ndipo amawomberana mpaka patatsala gulu limodzi. M'mawu onsewo ine ndinagwira liwu limodzi lokha, loti mfuti. Loti anthu linandidutsa.

Kuti mumvetse chimene chinandigwetsa m'nyemba, ndibwerere m'mbuyo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene nkhondo inafika m'mudzi mwathu. Isanafike n'komwe, amayi anali atayamba kale kundiphunzitsa yankho limodzi. Ankandikhazika pamtondo n'kusintha mawu awo kuti amveke aamuna.

"Mwanawe, bambo ako ali kuti?"

"Sindikudziwa."

"Ng'ombe zanu mwabisa kuti?"

"Sindikudziwa."

"Dzina lako ndani?"

Apa ndinkaseka n'kutchula dzina langa, ndipo amayi ankanditsina pantchafu. Ankabwereza funsolo mpaka ndi dzina lomwe ndinasiya kulidziwa.

Tsiku limene anthu amfuti anabwera, bambo anali atagona m'bango la kudimba. Mmodzi mwa anthuwo anagwada kuti alingane nane msinkhu, n'kundifunsa ndi mawu ofewa, mwachikondi ndithu. Ndinayankha monga anandiphunzitsira amayi, ndipo anandisiya. Pakhomo loyandikana ndi lathu panali mnzanga, mtsikana woleredwa bwino kuposa ine, amene akuluakulu ankamuyamikira mudzi wonse. Iye atafunsidwa anagwada mwaulemu n'kuloza kumene kunali bambo ake. Bambowo anawatenga kuti akasenze katundu, ndipo sanabwererenso. Sabata yomweyo tinawoloka malire kupita ku Malawi.

Tinabwerako nkhondo itatha, ine ndili namwali. Mudzi unali utasanduka thengo, koma mitengo ya mapichesi inali ikadalipo, ndipo ndi imene inatisonyeza pamene panali nyumba yathu. Anthu anamanganso, analimanso, ena anayambanso kusunga ng'ombe. Chimene ine chinandikanika ndi kuchotsa liwu lija pakamwa. Tsiku lina mphunzitsi watsopano wa katekisimu anandipeza ndikusesa pabwalo, n'kundifunsa kuti pakhomo pa auje ndi pati, kutchula bambo anga. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti sindikudziwa, bambowo ali pakhonde pomwepo akusema mpini. Nkhaniyo inayenda mudzi wonse. Ngakhale apongozi anga, tsiku londilandira, ananena moseka kuti mwana wawo wakwatira mkazi wosadziwa kwawo. Anthu ankaseka, inenso ndinkaseka nawo, koma zinkandipweteka kwambiri.

Ndiye ndinalumbira kuti mwana wobadwa mwa ine sadzaphunzira liwu limenelo. Wanga adzakhala mwana wa nthawi ya mtendere, woyankha anthu bwino. M'mera mpoyamba, choncho mnyamatayu atangoyamba kulankhula zomveka ndinamukhazika pamtondo nayenso.

"Ukakumana ndi wamkulu panjira umatani?"

"Ndimapatuka, ndimanyonyomala, ndimapereka moni."

"Akakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani?"

Ankatchula bambo ake, agogo ake, mudzi, ndi njira yofikira pakhomo. Ndinamuphunzitsanso kuti mlendo akafika bambo kulibe, amupatse mpando, amuuze kumene apita ndi tsiku limene abwere, kuti munthu asadikire pachabe. Anaphunzira bwino kuposa azichemwali ake. Kutchalitchi amayi anzanga ankandikoka chitenje n'kumati mwana ameneyu ndi waulemu ngati wakale. Ine, poti kudzichepetsa si khalidwe langa, ndinkayankha kuti, "Ndine ndinamuphunzitsa."

Tibwerere ku mfuti za pachulu. Ndinalimbana nazo sabata ziwiri. Ndinabisa telefoni m'thumba la nyemba, anaipeza. Ndinaibisa kudenga la khitchini, inalira yokha moto utachepa n'kudziulula. Kumjigo amayi anzanga anali ndi maganizo ochuluka kuposa madzi. Wina anati masewera amenewo ndi a satana, wina anati amanola ubongo, wina anati mwana wake sawasewera, pamene tonse tinkamuona mwanayo pachulu changa akudikira kubwereka. Ndinawauza bambo ake kuti ine ndiiponya m'chimbudzi. Iwo anapita ku Malawi ali khanda, nkhondo anangoimva pakamwa pa anthu, ndiye anayankha mosatekeseka.

"Amayi ake, musiyeni mwana. Anzake a msinkhu wake ali kumsika, akusenza matumba ndi kulawa kachasu. Uyu ali pachulu, mukumuona ndi maso anu."

Zinali zoona, ndipo zoona za mwamuna wako zimakwiyitsa kuposa bodza lake.

Nkhawa zanga zinali ziwiri. Yoyamba inali yakuti mwana wozolowera kuwombera anthu a pagalasi adzauma mtima. Ndinamuyang'anitsitsa masiku ambiri, koma anali yemwe uja, wothawa pakhomo tikamapha nkhuku, wogawira galu chakudya chake mobisa. Nkhawa imeneyo inazilala yokha. Yachiwiri inali mtima wanga, umene unkadumpha nthawi iliyonse tatatata akayamba, ngakhale ndikudziwa bwino kumene akuchokera. Imeneyi ndinaipezera mankhwala ndekha. Kumsika ndinaona anyamata atalowetsa timawaya m'makutu, akugwedeza mitu popanda phokoso lililonse. Ndinagula timodzi n'kukamupatsa mwana. "Nkhondo yakoyo uziimva wekha," ndinatero. Pakhomo panabwerera bata, ndipo ndinadziona wochenjera.

Inatha miyezi itatu ya mtendere. Akaweruka ku shikola ankamwetsa ng'ombe, kuwaza nkhuni, kenaka pachulu mpaka moto wa telefoni utatha. Ndikamadutsa ndinkaona milomo yake ikuyenda, ndipo ndinkati akulankhula ndi asuweni ake a ku Furancungo, ana a mlongo wanga, amene ankasewera nawo. Tsiku lina tikudya anandiuza kuti m'gulu lawo mwalowa bambo wina wabwino mtima, amene wamugulira zovala zatsopano za msilikali wake wa mu telefoni. Ndikuchita manyazi kulemba zimene ndinayankha. Sindinafunse kuti bamboyo ndani, kapena kuti munthu wamkulu akufunanji pakati pa ana. Ndinafunsa kuti, "Wathokoza?" Anati wathokoza, ndipo ndinamuwonjezera ndiwo.

Amene anandithandiza ndi thole, mwana wa ng'ombe yathu yofiira. Mnyamata anakoleka timawaya tija pamtengo wa khola akuthira madzi m'chomwera, thole linatikoka n'kutitafuna. Sabata imeneyo bambo ake anali ku Tete ndi matumba. Mawa lake ndinali ndi ntchito yosankha mbewu ya kachewere, ndipo mulu wake unali pamthunzi wa mtengo wa mapichesi, patsinde penipeni pa chulu. Kuusuntha sindikanatha. Ndinamuuza mwana kuti atsitse phokoso, ndinamanga mpango mothina kuphimba makutu, n'kuyamba kupatula yophuka ndi yowola.

Mfuti zinalira, ine ndikukukuta mano. Kenaka zinaleka, ndipo m'malo mwake munatuluka mawu a munthu wamkulu. Anali mawu ofewa, osathamanga, Chichewa cha m'tauni chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ankamuitana mwana wanga kuti sobrinho, mphwake, mwanayo n'kumamuyankha kuti tio, malume. Ndinakweza mpango kuchotsa pakhutu.

"Boa tarde, sobrinho. Wadya kale?"

"Ndadya, tio. Kaya inu mwaswera bwanji?"

Ndisaname, chimene ndinamva choyamba chinali kunyada. Mwana wanga, ngakhale pakati pa mfuti, ankapereka moni wathunthu.

"Papá wabwera?" anafunsa bamboyo.

"Ayi, akadali ku Tete. Abwera Loweruka. Tilipo awiri ndi amayi."

"Paja unati munthu akatsika minibasi ya chapa pamsika amalowera kuti?"

"Mumatsata msewu wa kutchalitchi, mukawoloka kamlatho mukhotere kumanzere. Pakhomo pathu ndi pa mapichesi ambiri. Mukafunsa aliyense akulozerani."

"Muito bem. Tsiku la msika ndidutsa kumeneko. Ku Tete kuli mpikisano waukulu wa jogu, ndikufuna ndikutenge ukaone, tibwerera tsiku lomwelo. Undidikire pamene pamaima chapa. Koma mamã usamuuze, akazi amaopa zilizonse. Ndipo foto ija sunanditumizirebe. Ndikuzindikira bwanji pagulu?"

"Pepani tio, mamega a intaneti anachepa. Nditumiza lero."

Ndinapeza kuti mbatata yowola imene inali m'manja mwanga ndaifinya, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono. Mawu onse amene mwanayo anayankha anali anga. Ndinawaika ndine m'kamwa mwake, limodzilimodzi, pamtondo. Ndipo kufewa kwa mawu a bamboyo sikunali kwachilendo kwa ine, ndinali nditakumvapo ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

Sindinakuwe. Amene amandidziwa sakhulupirira, koma sindinakuwe. Ndinapukuta manja pachitenje, ndinakwera chulu, ndinakhala pambali pa mwana n'kumufunsa pamene amalankhulira. Anandilozera, maso ali pansi, podziwa kuti chinsinsi chamveka.

Kwathu mlendo akafika timamupatsa mpando ndi madzi, kenaka amapereka malonje. Amanena kumene wachokera, kuti ndi wa kwa yani, kuti kumudzi wasiya kuli bwanji, ndi chimene wadzera. Akamaliza m'pamene eni khomo amanena zawo. Bambo uyu anali atakhala pakhomo panga masabata ambiri, atamva zathu zonse, iye osanenapo kanthu. Ndiye ndinamulandira monga mwa mwambo.

"Takulandirani, bambo. Ndine mayi wake wa mwanayu. Ndamva kuti mukubwera kwathu, ndiye ndati timve malonje."

Bamboyo anaseka. "Ah, mamã, boa tarde. Ife ndi anzake a jogu basi."

"Zikomo. Anzake a kuti? Kwanu ndi kuti?"

"Ku Tete kuno."

"Tete ndi chigawo chachikulu, ifenso tili m'Tete momwemo. Dera liti? Bambo anu ndani? Mfunda wanu ndi uti? Bambo a mwanayu ali mumzinda momwemo lero. Munene pamene muli akupezeni, mudziwane."

"Mamã, musavutike, izi ndi zocheza za ana."

"N'chifukwa chake ndikufunsa. Inu muli ndi zaka zingati?"

Mwana anayang'ana pagalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Atuluka mu jogu."

Mpaka lero sindidziwa kuti anali ndani. Mwina anali ku Tete, mwina ku Beira, mwina pamsika pathu pomwepa. Mwina akanabweradi, mwina ankangoseweretsa mutu wa mwana. Sindinganene kuti anali wakuba ana, chifukwa sindinamuone akuba. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu wabwino ukamufunsa kwawo amasangalala, amayamba kukutchulira ndi mitsinje yomwe.

Mwana anali akulira mwakachetechete, osati chifukwa cha mantha koma manyazi.

"Amayi, mwawanyozetsa. Ndi munthu wamkulu. Munati wamkulu akafunsa tiziyankha."

"Ndinatero."

"Nanga ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe. Ndalakwa ndine."

Tinatsika n'kukhala pamulu wa mbatata. Ndinamupatsa dengu kuti manja ake akhale ndi chochita, ndipo ndinamuuza za tsiku lija, zimene ndinali ndisanauzepo mwana wanga aliyense. Ndinamuuza za agogo ake m'bango, za munthu amene anagwada, za mnzanga woleredwa bwino. Anamvetsera osasankha ndi mbatata imodzi yomwe.

"Anali ndi mfuti yeniyeni?" anafunsa.

"Anali nayo, koma sanandiloze nayo. Anangofunsa bwinobwino, ngati tio wakoyu."

"Mnzanu uja ali kuti?"

"Ali moyo. Anakwatiwa ku Chidzolomondo. Kuno sabwera, ngakhale pamaliro."

Kenaka ndinachita chimene ndinalumbira kuti sindidzachita. Mtondo unali kutali, ndiye ndinamukhazika pathumba. Ndinasintha mawu kuti amveke aamuna, ndipo amene anatuluka anali a amayi anga ndendende.

"Sobrinho, papá ali kuti?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Sindikudziwa."

"Kwanu ndi pati?"

"Sindikudziwa."

"Dzina lako ndani?"

Apa anamwetulira, monga ndinkachitira ine. Sindinamutsine. Ndinangobwereza funsolo mpaka anayankha. Ndinayesetsa kumufotokozera kuti yankho limeneli ndi la mu telefoni mokha, la munthu amene sunamuone nkhope ndipo sakunena kwawo. Anagwedeza mutu kuti wamva, tinamaliza mulu uja dzuwa lisanalowe.

Nditasamba m'manja ndinakweranso chulu n'kuimbira mlongo wanga. Mkwiyo wonse umene ndinamusungira bambo uja ndinautsanulira iye, mwiniwake n'kumangoti pepani achemwali. Nditatopa anapempha kulankhula ndi mwana, n'kumulangiza potseka kuti mawu a anthu osawadziwa asamalowe, atsale asuweni ake okha. Ndinamuuza mlongo wangayo kuti awafunsenso ana ake kuti bamboyo amuuza zingati, poti nawonso analeredwa ndi ulemu womwewo.

Masiku atatu otsala kuti Loweruka lifike ndinawaona kutalika. Munthu wosamudziwa anali ndi njira ya kwathu yonse, ndi kamlatho komwe. M'mawa ndinkamuperekeza mwana mpaka pamsewu wa ku shikola, zimene ndinasiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, iye akuyenda patsogolo kuti anzake asaone. Ndikakhala m'munda, njinga yamoto ikamveka kumsewu ndinkaimika khasu mpaka itadutsa. Palibe inakhotera kwathu, kupatula ya wogula mbatata amene timamudziwa kale.

Bambo ake atabwera n'kumva nkhaniyo anatenga mpini kuti aiphwanye telefoniyo, iwo omwe aja ankati ndimusiye mwana. Ndine ndinailanditsa. Telefoni sinafunse njira ya kwathu, anafunsa ndi munthu. Komanso mwana ukamulanda yake amakabwereka ya mnzake kuseri kwa shikola, kumene kulibe khutu lako. Tinagwirizana chinthu chimodzi, kuti timawaya sitigulanso. Akafuna kusewera asewere poyera, ine ndili pafupi. Ndiye masiku ano ntchito zanga zamanja ndimagwirira patsinde pa chulu, mfuti zikulira pamwamba pa mutu wanga. Mtima umadumphabe, sunazolowere ndipo sindikuganiza kuti udzazolowera. Koma pakati pa mfutizo ndimamva amene akulankhula, ndipo onsewo ndimawadziwa amayi awo.

Tsiku la msika lija tinapita tonse atatu. Bambo ake anaima pamene pamaima chapa m'mawa wonse, akuyang'ana aliyense wotsika, koma munthu wosamudziwa nkhope ungamudikire bwanji? Anatsika amayi a madengu, anyamata a matumba, bambo wina ali ndi mbuzi, ndipo palibe amene anayang'anayang'ana ngati akufuna mwana. Foto ija inali isanatumizidwe, choncho nayenso bamboyo, ngati analipo, sakanatidziwa.

Ine ndi mwana tinalowa mumsika kukagula mchere ndi mafuta. Pamzere wa anyezi panafika agogo ena aamuna, a ndodo ndi chipewa, achilendo kwathu, ooneka kuti ayenda mtunda wautali. Ine ndinali nditawerama, ndikusankha anyezi. Anamuimitsa mwanayo mwachikondi, monga amachitira akuluakulu.

"Mnyamata, nkhope iyi ndikuidziwa. Ndiwe mwana wa yani?"

Mwana wanga anapatuka n'kunyonyomala pang'ono, monga ndinamuphunzitsira kale. Kenaka anayang'ana pansi.

"Sindikudziwa, agogo."

Ndinali nditamuuza kuti zimenezo ndi za mu telefoni mokha. Koma nanenso amayi anandiuza kuti ndi za anthu amfuti okha, ndipo liwulo ndinakafika nalo mpaka kwa apongozi.

Agogo aja anapukusa mutu n'kutembenukira kwa ine, osadziwa kuti ndine mayi wake.

"Mwawaona ana a masiku ano? Mwana wamkulu chonchi osadziwa bambo ake. Amawaphunzitsa ndani zimenezi?"

Ndinaweramuka, anyezi ali m'manja. Ndinawapatsa moni, ndinawauza dzina la bambo ake ndi la agogo ake, ndi mudzi wathu, ndipo zinapezeka kuti anakhala limodzi ndi apongozi anga ku Malawi. Mwana anali ali chilili pambali panga, akundiyang'ana kuti amve ngati walakwa kapena wachita bwino. Ndinaika dzanja paphewa pake. Agogowo anali ataiwala kale funso lawo lomaliza, koma ndinaliyankha.

"Ndine ndinamuphunzitsa."